Belu likalira, ntchito ya a madamu a Sitandade 1 imasamukira kunyumba

Mu 2016, boma litakhazikitsa ndondomeko ya National Reading Programme m'sukulu zake zonse za pulaimale, ana a m'makalasi oyambirira adayamba kuweruka mochedwerako. Padawonjezedwa ola limodzi pa tsiku la sukulu kuti mwana azikhala ndi mpata wokwanira wophunzira kuwerenga, m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe. Mabuku atsopano adafika m'makatoni, aphunzitsi adaitanidwa ku maphunziro, akuluakulu adayankhula bwino pa wailesi. Koma kodi ola limeneli lidachokera kuti?

Dzuwa silidasinthe nthawi yake yolowera. Olalo lidachotsedwa pa nthawi ya mphunzitsi, ija ankachongera makope ana atapita, kapena ija ankathamangira kunyumba kukayamwitsa khanda ndi kutereka ndiwo. Ntchito imene inkagwiridwa mu ola limenelo sidathe ayi. Idangosamuka, ndipo masiku ano imagwiridwa pamphasa usiku, mbale zitatsukidwa, ana a m'nyumbamo akusinza.

Tikunena za aphunzitsi a Sitandade 1 ndi 2, amene ntchito yawo ndi kutenga mwana yemwe sadagwirepo pensulo n'kumufikitsa powerenga chiganizo payekha. M'sukulu zambiri makalasi amenewa amapatsidwa kwa amayi, poganiza kuti mayi ndiye angapirire phokoso, mamina ndi misozi ya ana a zaka 6. Abambo aliponso, makamaka m'sukulu zakutali kumene aphunzitsi aakazi ndi owerengeka. Koma kwa mayi katunduyu amalemera kawiri, chifukwa akafika kunyumba amapeza ntchito ina ikumudikira, imenenso anthu adagwirizana kale kuti ndi yake.

Ola lija silidali lopanda pake. Kafukufuku wa kawerengedwe ka ana wa mu 2010, wodziwika ndi dzina loti EGRA, adapeza kuti ana oposa 70 mwa 100 alionse a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi m'kankhani ka Chichewa. Mu Sitandade 4, ana otere adali oposa 40 mwa 100. Patapita zaka khumi, kafukufuku wa MICS amene National Statistical Office idachita mu 2019 ndi 2020 adapeza kuti mwa ana a zaka 7 mpaka 14, pafupifupi 19 okha mwa 100 ndiwo adali ndi luso loyambira la kuwerenga. Dziko lililonse litamva zotere lingachite changu.

Vutoli lili ndi mbiri yake. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litathetsa fizi ku pulaimale, chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Boma lidalemba mwachangu aphunzitsi pafupifupi 20,000 amene adali asadapite ku koleji, n'kumawaphunzitsa ali kale pantchito. Kuyambira pamenepo zipinda, madesiki ndi nyumba za aphunzitsi zakhala zikutsalira kumbuyo kwa ana, omwe tsopano adutsa 5 miliyoni. Unduna wa zamaphunziro umafuna kuti mphunzitsi mmodzi aziyang'anira ana 60. Pitani mu Sitandade 1 ku Mangochi, ku Machinga, ku Dedza kapena m'sukulu za ku Ndirande ndi Kawale, mukawerenge nokha. Kalasi ya ana oposa 100 kumeneko sidabwitsa munthu.

Kuphunzitsa kuwerenga si kuimbitsa nyimbo

Ife amene tidakulira pa buku la Sosa timakumbuka kalasi yonse ikufuula ba be bi bo bu mpaka malata kunjenjemera. Ena tidadziwa kuwerenga mwa njira imeneyo, ena adangoloweza nyimboyo n'kufika nayo Sitandade 4 osazindikira lembo ndi limodzi lomwe. Njira ya masiku ano imayambira pa maliwu. Mwana amve liwu, alitchule, alizindikire likalembedwa, aliphatikize ndi lina, kenako awerenge mawu athunthu ndi kumvetsa chomwe akunena. Malembo satsatanso ndondomeko ya alifabeti. Aphunzitsi amadziwa mawu oti anikumeto, omwe ndi ndondomeko ya malembo oyambirira a, n, i, k, u, m, e, t ndi o, osankhidwa chifukwa amapezeka kwambiri m'Chichewa. Mwana akadziwa amenewa angathe kale kuwerenga mawu monga ana, moto, mutu ndi atate.

Buku la mphunzitsi lidalembedwa mwatsatanetsatane: choyamba achite mphunzitsi, kenako achitire limodzi ndi ana, pomaliza ana achite okha, ndipo ntchito iliyonse ili ndi mphindi zake. Njirayi ndi yabwino, koma imadya thupi la munthu. Mphunzitsi wa Sitandade 7 angathe kulemba notsi pabolodi, n'kukhala pampando ana akukopera. Wa Sitandade 1 sakhala pansi. Amaimba, amawomba m'manja, amakweza mawu kuti wa kumbuyo amve kusiyana kwa m ndi n, amapondaponda pakati pa miyendo ya ana okhala pasimenti, amawerama kugwira dzanja la uyu amene walemba e chozondoka. Wina akufuna kupita kuseri, wina wabwera ndi m'bale wake wa zaka zinayi chifukwa kunyumba kulibe womusiyira, wina wagona chifukwa sadadye kanthu ndipo akungodikira phala. Pofika nthawi yoweruka mawu asasa, msana ukuwawa, choko chili m'tsitsi ndi pakhosi.

Ndiye pali masamu amene aliyense angawachite. Kuti mudziwe ngati mwana akuwerengadi kapena akungotsatira milomo ya anzake, muyenera kumumvetsera payekha. Mukapatsa mwana aliyense mphindi imodzi yokha m'kalasi ya ana 120, apita maola awiri, ndipo m'maola awiriwo ana 119 akuchita zawo. Mukati muchonge kope lililonse kwa theka la mphindi, lapita ola. Nthawi imeneyi palibe pa ndondomeko ya maphunziro yopachikidwa mu ofesi ya ahedi. Mphunzitsi wachikumbumtima amaibweza kuchokera kwina, ndipo kwinako ndi kunyumba kwake.

Kumaiko ena ntchito yothandiza mwana wotsalira ili ndi munthu wakewake. Ku America sukulu zambiri za pulaimale zimakhala ndi katswiri wa kuwerenga, amene amatenga ana ochepa pa nthawi imodzi kupita nawo m'kachipinda kake, ndipo ambiri a iwo amalipidwa ndi ndalama zochokera ku lamulo la maphunziro la 1965 lothandiza sukulu za ana osauka. Ku New Zealand, Marie Clay adayambitsa njira ya Reading Recovery, imene mwana mmodzi amakhala ndi mphunzitsi mmodzi kwa mphindi 30 tsiku lililonse, kwa milungu 12 mpaka 20. Ngakhale akatswiri oterowo amadandaula kuti mapepala a ntchito amawatsata kunyumba. Kwathu kuno aphunzitsi a maphunziro apadera, amene ambiri adasulidwa ku Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndi ochepa, ndipo mmodzi amayendera sukulu zingapo. Choncho mwana wosamva bwino, wosaona bwino pabolodi, wosokoneza b ndi d, kapena amene kwawo amayankhula Chiyao kapena Chisena chokhachokha, onse ali m'manja mwa a madamu omwewo.

Chikwama cholowa m'nyumba

Yang'anani zimene zimatuluka m'chikwama cha mphunzitsiyu madzulo. Muli makope, ena onyowa ndi mvula, ena opanda dzina. Muli chikonzero cha maphunziro a mawa, chimene ahedi kapena mkulu wa gawo ayenera kusaina m'mawa. Muli rejisitala ndi buku lolembamo momwe mwana aliyense akuchitira, zomwe a PEA, alangizi oyendera sukulu za m'deralo, amafuna kuziona akabwera mwadzidzidzi pa njinga yawo yamoto. Muli makatoni otoledwa kugolosale, oti adulidwe n'kulembedwa maphatikizo. Ku makoleji a uphunzitsi amaphunzitsa za TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi: zitsekerero za mabotolo, timiyala, mbewu, matumba a shuga. Ndi nzeru yabwino ndithu. Koma zitsekererozo sizidzitola zokha, ndipo m'nyumba zambiri za aphunzitsi ana a mphunzitsiyo ndiwo amakhala akudula makatoni, mpeni uli womwewo wodulira matimati.

Ntchito yonseyi imachitika m'kuwala kochepa. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 m'dziko muno ndizo zinkawunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chidali chotsika kwambiri. Mphunzitsi wakumudzi amalemba chikonzero chake ndi tochi, kapena ndi kuwala kwa foni yomwe adatchajitsa pamsika. Amene adapeza mwayi wa nyumba ya pasukulu amapulumukako ulendo, koma nyumbazo sizikwana, ndipo zimayamba zapita kwa ahedi ndi achiwiri awo. Otsalawo amachita lendi kutali, n'kumayenda pansi, kapena kukwera kabaza pa masiku amene thumba lalola.

Anthu amachitira nsanje aphunzitsi chifukwa cha tchuthi. Tchuthicho ndi chimene amalembera masikimu a teremu yotsatira, ndi chimene amaitanidwira ku TDC, malo okumanira aphunzitsi a m'deralo, kukachita maphunziro owonjezera, ndi chimene amathamangira kumunda. Teremu yoyamba imatha mvula itayamba, yachiwiri imadutsa m'nyengo yopalira ndi yothira fetereza. Mphunzitsi amene salima amagula chimanga pa mtengo wa Febuluwale, ndipo malipiro ake amaudziwa bwino mtengo umenewo.

Pali chinthu chimene aphunzitsi a makalasi aang'ono sakonda kuchinena pagulu, koma pakati pawo amachidziwa. Munthu amene watha m'mawa wonse akuleza mtima ndi ana a eni amafika kwawo kuleza mtimako kutatha. Mwana wake akabwera ndi buku kuti amayi ndiwerengereni, yankho limakhala lakuti ndatopa, ukafunse aphunzitsi ako. Akalakwitsa liwu lomwe ana 100 alilakwitsa kale tsiku lomwelo, amalandira ukali umene enawo sadaulandire. Pamwamba pa izo, mudzi wonse ukuyembekeza kuti mwana wa aphunzitsi akhale nambala wani, ndipo akalephera anthu amaseka mayi wake. Nthawi ya mayiyu ili ngati chitenje chachifupi m'mwezi wa Juni: akafunda kumutu, miyendo ili pamphepo.

Abambo a m'nyumba zimenezi ali mitundumitundu, ndipo si bwino kuwaika m'thumba limodzi. Alipo amene amasambitsa ana, kukoleza mbaula, n'kuuza alendo kuti mayi ali pantchito, abwere mawa. Alipo ambiri amene amaona kuti ntchito ya mkazi wawo imatha belu likalira, ndipo makope akaonekera patebulo amafunsa ngati nsima idyedwa lero. Alipo amene amadziwa tsiku la malipiro a mkazi wawo kuposa dzina la kalasi yomwe amaphunzitsa. Kenako pali achibale. Nyumba ya mphunzitsi imaoneka ngati ya munthu wapantchito, choncho mwana wa achemwali amene wasowa fizi, agogo amene akudwala, mlamu amene akufuna ntchito m'tauni, onse amafikira pamenepo. Nthawi zina mtsikana wachibale yemweyo ndiye amagwira khanda mayi ali m'kalasi, iye mwini n'kumajomba kusukulu. Mphunzitsi amazindikira bwino lomwe chimene chikuchitika, koma alibe kolowera.

Lamulo la ntchito lidasinthidwa mu 2021, ndipo mwa zina limapatsa bambo tchuthi cha milungu iwiri mkazi wake akabereka, komanso limapatsa mayi woyamwitsa mpata wokayamwitsa mwana nthawi ya ntchito. Pa pepala zili bwino. Mu ofesi mayi angatseke kompyuta n'kutuluka kwa theka la ola. Mu Sitandade 1 angasiyire ndani gulu lija? N'chifukwa chake mukayenda m'sukulu zakumidzi mumaona khanda likubwera pamsana pa mlezi nthawi ya buleki, mayi n'kuyamwitsa pakhonde, diso limodzi lili pa ana amene akulimbirana pamzere wa phala.

"Zalowa?"

Kumapeto kwa mwezi, liwu limodzi lokha limazungulira m'mafoni a aphunzitsi, ndipo aliyense amadziwa kuti likufunsa za malipiro. Ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Malipiro akhala akukwera, koma sopo, mafuta ophikira ndi lendi zimathamanga kuposa iwo. Ambiri malipirowo amalowa atadulidwa kale ndi makampani obwereketsa ndalama, ndipo chotsalacho chikudikiridwa ndi wa katapila ndi banki m'khonde.

Izi zimakhudza nthawi mwachindunji. Mphunzitsi amene malipiro sakumukwana amadzuka m'bandakucha kukazinga mandasi, amamanga mafilizesi usiku, amasoka, amaoda kaunjika Loweruka, kapena amaphunzitsa ana a anthu opeza bwino masana pa kangachepe. Ola lililonse la bizinesi limachotsedwa kapena kwa ana ake kapena kwa makope aja. Amene amamunena kuti salimbikira ntchito ayambe aona bajeti yake.

Palinso maudindo amene amagwera munthu chifukwa choti amalemba bwino. Mlembi wa banki m'khonde, mlembi wa Mvano kapena Dorika kapena mphakati, wolemba chipepeso pamaliro, wowerenga uthenga paukwati, wothandiza pa kalembera ndi pa chisankho: dzina loyamba kutchulidwa ndi la aphunzitsi. Ena mwa maudindowa amabwera ndi kandalama, ambiri amabwera ndi ulemu wokha. Kukana n'kovuta, chifukwa mphunzitsi nthawi zambiri ndi mlendo m'deralo ndipo amafunika kukhala bwino ndi eni mudzi.

Bungwe la Teachers Union of Malawi lakhala likutsogolera sitalaka zingapo. Mu 2017 nkhani idali ya ndalama za tchuthi zomwe zidachedwa, mu 2021 idali ya ndalama za chiopsezo pa nthawi ya Covid-19. Madandaulo amenewa adali oona. Koma onse ndi a ndalama. Nkhani ya maola, yakuti mphunzitsi wa ana aang'ono akhale ndi nthawi yokonzekera ndi yochonga mkati mwa tsiku la ntchito, simveka pa zikwangwani. Mwina n'chifukwa chakuti tonse tidazolowera mawu aja akuti mphotho ya mphunzitsi ili kumwamba, ndipo munthu woyembekeza mphotho yakumwamba sawerengera maola.

Vuto lina lili mu ofesi ya ahedi

Apa ndi pamene ine ndikuona kuti pali chosinthika popanda kudikira ndalama za kunja. Lowani m'sukulu zambiri muone kagawidwe ka aphunzitsi. Sitandade 8, imene ili ndi ana ochepa chifukwa ambiri adasiyira panjira, imakhala ndi aphunzitsi atatu kapena anayi, aliyense ndi maphunziro ake, aliyense ndi nthawi yopuma pakati. Sitandade 1, imene ili ndi ana ochuluka kuposa kalasi ina iliyonse, imakhala ndi mphunzitsi mmodzi kapena awiri ophunzitsa chilichonse kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Chipinda chabwino ndi madesiki zimapita kwa akuluakulu. Aang'ono ndiwo amakhala pansi pa mtengo, ndipo mvula ikagwa amabalalika.

Chifukwa chake n'chodziwika. Mbiri ya sukulu imayezedwa ndi zotsatira za mayeso a MANEB a Sitandade 8, ndi chiwerengero cha ana osankhidwa kupita ku sekondale. Ahedi amayamikiridwa kapena kudzudzulidwa pa zimenezo. Palibe mfumu kapena phungu amene adabwerapo ndi mbuzi kudzathokoza sukulu chifukwa ana a Sitandade 2 akuwerenga bwino. Pamisonkhano akuluakulu amakonda kunena kuti m'mera mpoyamba, koma pogawa aphunzitsi amayambira kumapeto. Zotsatira zake ana ambiri amabwereza Sitandade 1, n'kukumana ndi atsopano chaka chotsatira, kalasi n'kukulirakulira.

Kagawidwe ka aphunzitsi pakati pa sukulu nakonso n'kokhota. Sukulu za pafupi ndi tauni ndi pa maboma zimakhala ndi aphunzitsi ambiri, pomwe za kutali zikulira. Ena amaloza chala amayi amene amapempha kusamuka potsatira banja. Koma taganizani zimene mayiyo akusankha: kukhala kudera kopanda nyumba, kopanda chipatala pafupi, mwamuna ali ku Lilongwe, ana akuleredwa ndi agogo kwina. Ndalama yapadera ya aphunzitsi akumidzi ilipo, koma singagule banja. Nyumba ya pasukulu yokhala ndi sola ndi mjigo pafupi ingasunge mphunzitsi wamkazi kumudzi kuposa kalata yomuopseza.

Amene akhalitsa amatani?

Aphunzitsi amene atha zaka zambiri m'makalasi aang'ono osafooka ali ndi njira zawo, ndipo zambiri sizilembedwa m'buku lililonse. Sanyamula makope onse kupita nawo kunyumba. Amachonga akuyenda m'kalasi ana akulemba, mzere uno lero, mzere winawo mawa, kotero kuti pakutha pa mlungu kope lililonse laonedwa. Samvetsera ana onse tsiku limodzi. Amaitana ochepa tsiku lililonse pamene ena akuwerengerana awiriawiri, wodziwa ndi wosadziwa. Makadi a maphatikizo amawapanga kamodzi pa katoni yolimba, n'kuwasunga m'thumba la pulasitiki kuti agwire ntchito zaka zingapo. Kumene kuli magawo awiri kapena atatu a Sitandade 1, amagawana: uyu akonze zipangizo za Chichewa, uyo za Chingerezi, winayo za masamu.

Ena amatsalira pasukulu ola limodzi ana atapita, n'kumaliza chikonzero cha mawa pomwepo, kuti akalowa pakhomo pawo alowe manja ali opanda kanthu. Poyamba zimaoneka ngati kuchedwa, koma ola la masana pa desiki limagwira ntchito imene usiku, munthu ali wotopa ndipo khanda likulira, imatenga maola awiri. Ena adaphunzira kunena kuti chaka chino ulembi wa kumpingo ugwiridwe ndi wina. Liwu lakuti ayi limamuvuta Mmalawi, makamaka mayi, makamakanso pamaso pa abusa. Koma amene sadaliphunzire ndi amene timawaona akupempha kusamutsidwira ku Sitandade 5, kalasi ya ana aang'ono n'kutsala m'manja mwa wongotuluka kumene ku koleji.

Za mwana wa m'nyumba, yankho labwino lomwe ndidalionapo ndi losavuta: amuwerengere bambo ake, kapena mkulu wake. Mphindi khumi zokha madzulo. Mayi amene wakhala akutchula maliwu kuyambira m'mawa ali ndi ufulu wokhala mayi chabe kwa mwana wake, womufunsa za tsiku lake ndi kumupesa tsitsi, osati mphunzitsi wachiwiri. Bambo amene amatha kuwerenga mauthenga a pa WhatsApp ndi zotsatira za mpira angathe kuwerenga buku la Sitandade 2.

Makolo a ana a m'kalasimo nawonso ali ndi mbali yawo. Mabuku a ndondomeko ya kuwerenga adapangidwa kuti ana azipita nawo kunyumba. Kumene makolo, magulu a amayi a pasukulu ndi achinyamata odzipereka amasonkhanitsa ana masana kuti awerenge pansi pa mtengo, katundu wa mphunzitsi amapepukako. Kumene buku limakhala chokupizira moto kapena chokulungira fodya, mphunzitsi amayambiranso pa a ndi n mwezi uliwonse. Kutumiza mwana wa zaka zinayi ku Sitandade 1 kuti mayi apite kumunda momasuka ndi kusandutsa mphunzitsi mlezi, ndipo mafumu ndi makomiti a sukulu angathe kuziletsa.

Zinthu zikusinthanso pamwamba. Gawo lalikulu la mabuku ndi maphunziro a aphunzitsi a ndondomeko ya kuwerenga linkalipiridwa ndi bungwe la USAID, limene boma la America lidalitseka mu 2025. Mabuku akang'ambika osabwera ena, wodzalemba nkhani pa tchati usiku ndi mphunzitsi yemweyo. Kuyambira mu 2023 boma lakhala likugawa matabuleti m'sukulu kudzera mu ndondomeko ya BEFIT, kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzirirapo kuwerenga ndi masamu, mwana aliyense pa liwiro lake. Ana amawakonda, ndipo pa nthawi imeneyo mawu a mphunzitsi amapumako. Koma matabuletiwo amafunika kutchajidwa, kuwerengedwa, kugawidwa ndi kutsekeredwa, ndipo ntchito imeneyo ili ndi munthu woigwira. Ndondomeko iliyonse yatsopano isadalowe m'kalasi, wina ku unduna ku Capital Hill kapena kwa okonza maphunziro ku Domasi azikhala pansi n'kuwerenga mphindi zimene ikuwonjezera pa tsiku la mphunzitsi, ndi kunena chimene chichotsedwe kuti mphindizo zipezeke.

Ahedi ndi a PEA safunika kudikira zimenezo. Pogawa makalasi a chaka chamawa, ayambe ndi Sitandade 1. Kumene Sitandade 8 ili ndi aphunzitsi anayi, mmodzi atsike akathandize kumunsi, kalasi igawidwe pawiri, ndipo pa ndondomeko ya maphunziro palembedwe nthawi yoti mphunzitsi wa ana aang'ono achonge ndi kukonzekera ali pasukulu pomwepo. Makomiti a sukulu, nyumba yotsatira imene muumbire njerwa ikhale ya a madamu a Sitandade 1.